Chinangwa cha Madamu

"Munandigulitsa chifukwa cha mtengo wa mumphika, alamu! Mtengo woti sudyedwa n'komwe!"

Amene anakuwa chonchi anali Lufeyo, mlongo wake wa mkazi wanga, ataimirira pakhonde pa nyumba yanga ku Benga, chipewa chili m'manja. Linali Lachitatu masana. Tinamuitana kuchokera kwawo ku Bua kuti tidzamalize zokonzekera chinkhoswe cha mwana wathu Esinala, chomwe chinali Loweruka la sabata yomweyo. Kwathu kuno mwana wamkazi sapita kubanja ndi mawu a bambo ake. Mwini mbumba ndi malume, ndipo mwa amalume a Esinala wotsala ndi moyo ndi Lufeyo yekha. Iye akapanda kukhala pampando, tambala wa akuchimuna alibe manja omulandira.

"Iwe, pano si pamowa," ndinatero. "Tsitsa mawu."

"Ndakhala ndikutsitsa mawu zaka zonsezi. Dzana ndinakumana ndi a Sefu kuchipatala cha paboma. Andimasulira zonse zimene munauza mzungu uja m'Chingerezi, ine ndili chilili pambali panu ngati mbuzi ya pamsika."

Ndinadzuka mwaphuma moti mpando unagwa. Mkazi wanga, Nambewe, anasiya lichero la mpunga limene ankapeta n'kudzaima pakati pathu. Esinala anali pakhomo la khitchini, manja ali m'chitenje.

"Achemwali, chokanipo, ine sindimenya munthu," anatero Lufeyo. "Omenya ndi awa. Alamu, mawu anga ndi amodzi. Mubwere ku Bua, mudzanene pamaso pa achemwali ndi pamaso pa anthu akwathu zimene munandichita ku Joni. Mukapanda kutero, Loweruka nkhoswe mukaigule pamsika."

"Choka pakhomo panga."

Anavala chipewa chake, natenga njinga, n'kumapita osacheuka. Tiyi amene anamuthirira sanamukhudze.

"Bambo a Esinala, akunena chiyani Lufeyoyu?" anafunsa Nambewe.

"Misala," ndinatero.

Sinali misala. Ine ndine wamtima wapachala, zimenezo aliyense ku Benga akhoza kukuuzani, koma bodza si khalidwe langa. Ndinanama kamodzi, bodzalo n'kukhala nalo zaka.

Ku Joni ndinapita Esinala asanayambe sukulu. Fomu 4 ndinali nditamaliza kalekale, setifiketi ili m'sutikesi ikudyedwa ndi mphemvu. Ndinayesa kupikula usipa n'kumakagulitsa ku Lilongwe, ndinayesa uphunzitsi wongothandizira, konseko ndinachokako nditakangana ndi munthu. Tsiku lonyamuka Nambewe anandikazingira mtedza wodzaza jumbo. Basi inayenda masiku atatu kudzera ku Tete ndi ku Zimbabwe, miyendo inatupa mpaka nsapato kukana, ndipo pachipata chilichonse ankatitsitsa n'kutifoletsa padzuwa. Kumeneko ndinafikira m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu, amuna asanu ndi mmodzi, matiresi kuwaimika kukhoma kukacha kuti papezeke poponda. Chisanu cha m'Juni cha kumeneko ndi chinthu china. Munthu wa kunyanja ngati ine ndinkavala mathalauza awiri, komabe mano ankagundana.

A Sefu ndiwo anandipulumutsa. Anali bambo wa paboma pa Nkhotakota, Msilamu, wamfupi, wa ndevu za imvi, ndipo ku Joni anafikako ine ndikadali kupulayimale. Anandimva ndikutukwanizana ndi kondakitala pasiteji ya matekisi, nanditembenukira.

"Wa kunyanja iwe?"

"Wa ku Benga."

"Ndiye tseka pakamwa. Kuno wokuwa amamukwirira msanga. Ntchito uli nayo?"

Ananditengera kumene ankagwira iwo, kunazale yaikulu ya mitengo ndi maluwa kunja kwa mzinda. Mwini wake anali mzungu wamkazi, wamasiye, wosuta fodya kwambiri. Tonse tinkangomuti Madamu. Chaka choyamba ndinkangokankha wilibala ya manyowa. Kumapeto kwa nazaleyo kunali malo otchingidwa ndi neti ya mthunzi kumene munthu wamba sankaloledwa kugwira paipi, ndipo kumeneko n'kumene kunkakhala mitengo ya ku Japani, yonse m'miphika. Madamu ankaitchula kuti mepulo. Nditaiona koyamba ndinaseka. Masamba ake ndi a chinangwa enieni, a zalazala aja, kungoti ndi aang'ono ndiponso ofiira psuu.

"Chinangwa cha Madamu chimenecho," anatero a Sefu. "Koma kamodzi aka n'kodula kuposa njinga yamoto. Usakaseke."

Ataona kuti ndimawerenga zikwangwani za Chingerezi popanda vuto, anandipempha kwa Madamu kuti ndiziwathandiza ku neti. Ankaphunzitsa ndi manja, mawu pang'ono. Tsiku loyamba anandigwira chala n'kuchilowetsa m'dothi la mumphika mpaka pamfundo yachiwiri.

"Ukumva chiyani?"

"Kuzizira."

"Ndiye usathirire. Pita pena."

Pamphika wotsatira chala chinatuluka chouma.

"Uwu uthire mpaka madzi atulukire m'mabowo a pansi, ukatero uusiye. Osamathira pang'onopang'ono ngati mchere wa m'ndiwo. Ndiponso m'mawa, dzuwa lisanakwiye."

Nthawi ya chisanu mitengoyo inkayoyola masamba onse n'kutsala timitengo tokhatokha. Ine ndinkayesa yafa. A Sefu ankati yagona, ndipo wogona sumumwetsa madzi tsiku ndi tsiku.

Chimene chinandivuta kumvetsa chinali cha miphika. Ndinkaona mtengo wofika m'chifuwa uli m'kamphika konga ndowa yaing'ono, mtima n'kumandipweteka. Ndinawauza a Sefu kuti ndi umbombo wa Madamu.

"Iwe ukuganiza za kwathu," anatero. "Kwathu mwana timamugulira nsapato yaikulu kuti akuliremo. Chinangwa ichi sichifuna zimenezo. Chikadzaza mphika, mizu n'kuyamba kusuzumira m'mabowo, umachisamutsira mumphika woposa wakalewo ndi zala ziwiri zokha mbali iliyonse. Nthawi yake ndi kumapeto kwa chisanu, masamba asanaphuke."

"Chifukwa?"

"Dothi limene mizu sinalifike ndani amwe madzi ake? Limangokhala chinyowere ngati dambo, mizu n'kuolera momwemo. Ndiye choipa chake, mtengo womira umafota chimodzimodzi ndi mtengo waludzu. Wosadziwa amawonjezera madzi."

Mawu amenewa ndinawamva bwinobwino. Sindinganene kuti sanandiuze.

Zaka zimenezo zinali ndi zabwino zake. Lamlungu tinkasonkhana kwa a Sefu, wina akalandira ufa wa kondowole wobwera ndi madalaivala a basi, n'kudyera mbale imodzi tikukangana za mpira wa kwathu. M'mwezi wa Ramazani, dzuwa likuswa mtengo, matumba awo a dothi ndinkanyamula ndine, iwo n'kumakaswali kuseri kwa mulu wa manyowa atayala thumba. Nthawi ina anthu a m'dera lathu anaukira alendo, kachipinda kathu n'kutenthedwa ndi zonse zimene zinali momo. Madamu anatitsekera m'shedi ya feteleza sabata yathunthu, namatibweretsera buledi yekha. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti kunja kwa mpanda wa nazale ija ine sindine kanthu. Malata a nyumba ino, sukulu ya Esinala, zonse zinkachokera mkati mwa mpanda umenewo.

Msana wa a Sefu utayamba kuvuta, Madamu anawasamutsira kutsogolo kogulitsira, neti n'kundisiyira ine. Chaka chomwecho madzi osefukira anakokolola mpunga wa Lufeyo ku Bua, ndipo Nambewe sanandipatse mpata pafoni.

"Mutengeni m'bale wanga. Amene amapalasa njinga kuchokera ku Bua kudzamuona Esinala ndi iyeyu. Amene anathamanga naye kuchipatala atadwala malungo ndi iyeyu. Inu muli kutali."

Ndinavomera monyinyirika. Lufeyo anagulitsa mbuzi zake, nafika ali ndi kachikwama kamodzi. Sukulu analekeza Sitandade 4, Chingerezi ankangodziwa moni ndi kuthokoza, koma ntchito ankaigwira ngati ng'ombe. Madamu anamukonda msanga. Chimene chinkamudabwitsa Lufeyo chinali madzi. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akumata mizere ya m'munda wa mpunga kuti dontho lisathawe, ankaima n'kumayang'ana madzi akutuluka pansi pa miphika, kuyenderera pasimenti mpaka mungalande, n'kumapukusa mutu.

Ine sindinamugwire chala ngati mmene anandigwirira a Sefu. Ndinkangomukalipira. Kuphunzitsa mlamu wako kumafuna mtima umene ine ndilibe.

Chakumapeto kwa chaka hotela ina inaitanitsa mitengo khumi ndi iwiri, ikuluikulu, imene Madamu anailera zaka zambiri. Anagula miphika yake yoikamo, yadothi yopaka utoto wa buluu wonyezimira, yofika m'chiuno, yoti mwana akhoza kusambiramo. Kenako ananyamuka kukaona mwana wake kunja kwa mwezi wathunthu. Asananyamuke anandiuza momveka kuti mitengoyo ndiisiye m'miphika yake yakale. Akadzabwera tidzangoika mphika waung'ono mkati mwa waukulu, pamwamba pa njerwa, n'kubisa pakamwa ndi timiyala.

Nthawi imeneyo n'kuti kukumveka kuti Madamu akufuna kusankha kapitawo wa nazale yonse. Ine ndinkaufuna udindowo mpaka kulota. Ndinati ndimuonetse kuti nditha kumaliza ntchito iye kulibe. Ndinazula mitengo yonse khumi ndi iwiri n'kuidzala m'miphika ikuluikulu ija. Dothi lake lenileni, losakaniza ndi makungwa a paini loti madzi azidutsa msanga, linali lochepa, ndiye ndinadzazira ndi dothi lakuda wamba. Pamwamba ndinayala timiyala toyera. Inakongola, zimenezo musandikanize.

A Sefu anabwera akutsimphina, naima, nayang'ana.

"Mwana wa kwathu, wachita chiyani? Ino si nyengo yake. Ndiye mphika umenewu si mphika, ndi nyanja."

"Madala, ntchito yanu ili kutsogolo."

"Ibweze lero lomwe. Ndikuthandiza."

"Ndati ntchito yanu ili kutsogolo. Neti ndi yanga."

Anabwerera kutsogolo akutsimphina.

Kuthirira ndinamusiyira Lufeyo, chifukwa ine ndinali kalikiliki kuzungulira nazale yonse ngati kapitawo ndasankhidwa kale. Ndinangomuuza kuti isafote. Patapita masiku awiri ananditsatira kushedi.

"Alamu, miphika ija ikudontha pansi. Madzi onse akungothawa. Nditseke?"

Ndinali ndikukangana ndi dalaivala wa lole yobweretsa manyowa. Sindinamuyang'ane n'komwe.

"Kodi ndikuphunzitsenso kuthirira? Suja umalima mpunga iwe? Chita zimene ukudziwa, usandisokose."

Anachitadi zimene ankadziwa. Anapendeketsa mphika uliwonse yekha, zinthu zolemera ngati mwala, namata mabowo onse ndi dongo ndi zidutswa za thumba, bwinobwino, monga amamatira mzere wa m'munda.

Kunja kunali kutentha koopsa. Sabata yachiwiri masamba anayamba kulendewera, m'mphepete mwake mukuuma. Ndinadutsa, ndinaona, ndipo m'malo mochotsa timiyala n'kulowetsa chala, ndinamuitana Lufeyo n'kumukalipira pamaso pa anzathu kuti ndi waulesi, sakuthirira. Anayamba kuthirira m'mawa ndi masana. Sabata yachitatu masamba anali mbwee pansi. Pamenepo m'pamene ndinalowetsa chala, ndipo chinalowa m'matope onunkha. Ndinadziwa nthawi yomweyo. Madamu ankafika mawa lake.

Sanalowe n'komwe muofesi. Anatsika galimoto n'kulunjika ku neti, naima pakati pa miphika ya buluu ija, fodya akuzimira m'zala. Anagwira mtengo umodzi n'kuukoka, ndipo unazuka mosavuta ngati udzu wa m'dambo. Mizu inali yakuda bii, yoterera, fungo lake ngati ngalande ya pamsika. Analamula kuti tigwetse mphikawo, madzi n'kukhuthuka, dongo la Lufeyo n'kuonekera pansi pake. Mzimayi uja sanakuwe. Bola akanakuwa, ine kukuwa ndimakudziwa. Anafunsa motsitsa kuti wasamutsa mitengo yake ndani, ndipo watseka mabowo ndani.

Lufeyo anali kumanja kwanga, atavula chipewa. A Sefu anali chapatali pang'ono atagwira tsache. Ndinaganiza za shedi ya feteleza ija, za kachipinda kopsa, za nyumba ya ku Benga imene inali isanafoleredwe. Ndiye ndinayankha m'Chingerezi changa cha Fomu 4, chosalala bwino. Ndinati zonse wachita ndi mlamu wangayu. Ndinati anasamutsa mitengo Lamlungu ine kulibe, ndinamuletsa koma samva, ndi munthu wa kumudzi wozolowera mpunga.

"Akuti chiyani, alamu?" Lufeyo anandinong'oneza.

"Akuti mitengo yafa. Ingokhala chete, ndikukupepesera."

Anakhaladi chete, akugwedeza mutu pa mawu anga alionse. Madamu atamuuza kuti atenge zake azipita, ine n'kumumasulira, Lufeyo anawerama pang'ono n'kunena mawu a Chingerezi amene ankawadziwa. Anathokoza.

Madzulo a tsikulo, tikusamba m'manja pampopi, a Sefu anaima pambali panga.

"Mulungu amamva Chingerezi," anatero, osandiyang'ana.

A Sefu anakayesa kumupepesera Lufeyo kwa Madamu, koma osanena za ine. Anadzandiuza pambuyo pake kuti anaopa kuti tiphana m'chipinda, ndiponso kuti mabanja awiri agona ndi njala m'malo mwa limodzi. Koma kuyambira tsiku limenelo sanadyenso nane mbale imodzi.

Mitengo isanu ndi inayi inafa. Itatu ndinaipulumutsa. Ndinadula mizu yonse yoola ndi mpeni, ndinaibwezera m'timiphika ting'onoting'ono m'dothi la makungwa, n'kuiika pamthunzi, chala m'dothi m'mawa uliwonse. Madamu ataona yaphukanso anati ndili ndi manja abwino. Ukapitawo anandipatsa.

Lufeyo anayamba kukaima m'mphepete mwa msewu pamodzi ndi ena odikira ganyu. Masiku a pasipoti yake anali atatha. Sipanapite nthawi apolisi anamutola, nakamutsekera kumalo kumene amasungira anthu opanda mapepala, ndipo anakhalako miyezi. Ine ndinali nditaimba kale foni kunyumba. Ndinamuuza Nambewe kuti m'bale wake samva zonena, waononga katundu wa mzungu, ndipo nanenso ntchito inatsala pang'ono kunditha chifukwa cha iye. Nambewe analira, nandipepesa. Anandipepesa ine. Lufeyo anadzafika ku Bua atanyamula jumbo, ataonda, mkazi wake atabwerera kale kwawo. Anthu anamupatsa dzina loti Wothirira, munthu amene anapita mpaka ku Joni n'kukakanika kuthirira maluwa. Iye ankakhulupirira kuti analakwadi yekha, ndi mabowo aja.

Ndinakhalanso ku Joni zaka zingapo mpaka mankhwala opopera atandilowa m'chifuwa. Pobwera ndinapeza nyumba yofoleredwa, mkazi wa imvi ziwiri zitatu, ndi mtsikana wamtali amene ankandigwadira ngati mlendo, nkhani zake zonse n'kumakauza amalume ake. Ndinatsegula kanazale ka mango ndi malalanje m'mphepete mwa msewu, kamene ndimadyera mpaka lero. Lufeyo ankabwera, kundipatsa moni ndi manja awiri, nthawi zina kundibweretsera mpunga. Ndinkalandira. Sindinkadziwa kuti a Sefu nawo anabwerera paboma, ndipo kuti munthu akakalamba, nayamba kupita kuchipatala kawirikawiri, amafuna kutula zimene wasenza.

Ndiye Lachitatu lija, fumbi la njinga ya Lufeyo litatha, wotsatira kulankhula anali Esinala.

"Ababa, amalume akapanda kubwera, ine Loweruka kulibe."

"Usandiuze zopusa. Anthu aitanidwa, mpunga wagulidwa. Tipeza wina. Kodi msuweni wa amako uja wa ku Dwangwa si mwamuna?"

"Nkhoswe yobwereka?" anatero Nambewe. "Banja likadzavuta mudzaipeza kuti? Ndipo akuchimuna akafunsa kuti mwini mbumba ali kuti, muwauza kuti wamwalira?"

"Ndiye ndipite ine kukagwadira Wothirira?"

Mawuwo atangotuluka ndinaona nkhope ya Esinala ikusintha. Analowa m'nyumba. Nambewe anatola lichero, nalikhazika pamiyendo, koma osapeta.

"Ndikufunsani kamodzi kokha, bambo a Esinala. Lufeyo akunama?"

"Ukhulupirira ndani, m'bale wako kapena mwamuna wako?"

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukhulupirira inu."

Ndinakankha mpando wogwa uja ndi phazi n'kupita kunazale. Ndinakhala kumeneko mpaka dzuwa kupendeka, ndikuzula udzu m'machubu momwe munalibe udzu. Ndinayesa njira zonse m'mutu. Kunena kuti a Sefu akalamba, mutu sukugwira. Kupita kwa Lufeyo ndekha, tikathane awiri kuseri kwa nyumba. Koma iye anati pamaso pa anthu, ndipo ndinkamudziwa. Munthu wofatsa akanena mawu sabweza.

Kutacha ndinamuuza Nambewe kuti avale, tikupita ku Bua. Tinakwera minibasi mpaka paboma, ina mpaka pamlatho, kenako wapansi. Inali nyengo yokolola, ndipo Lufeyo tinamupeza m'munda pamodzi ndi abale ake oposa khumi, akumweta mpunga. Atationa onse anaweramuka, kupatula iye.

Ndinaima pamzere ndi nsapato zanga za kutchalitchi.

"Lufeyo, ndabwera."

"Ndakuonani."

"Ukudziwa kuti kunja kuja zinthu zimavuta. Munthu ukapanikizika umatha kulankhula mawu ena amene..."

"Achemwali, bwererani," anatero, zenga likudulabe. "Minibasi zikadalipo."

Mayi wina, msuweni wawo, yemwe ndi amene ankakonda kwambiri kumuitana Lufeyo ndi dzina lija, anaseka.

"Kodi a ku Joni abwera kudzatiphunzitsa kumweta? Samalani nsapatozo, alamu, kuno n'kumatope."

Tsiku lina lililonse ndikanamuyankha mayi ameneyo mpaka akanalira. Ndinameza. Ndinakweza mawu kuti ndi wa kumapeto kwa munda yemwe amve.

"Mitengo ya mzungu ndinapha ndine. Anandiletsa kuisamutsa, ine ndinaisamutsira m'miphika yaikulu chifukwa ndinkafuna ukapitawo. A Sefu anandichenjeza, ndinawanyoza. Lufeyo sindinamuphunzitse kathiriridwe kake. Anabwera kudzandifunsa za mabowo, ndinamuthamangitsa. Mitengo itafota ndinamukalipira kuti awonjezere madzi. Mzungu atafunsa, ndinanena m'Chingerezi kuti zonse wachita ndi iyeyu, ndipo iye ndinamuuza kuti ndikumupepesera. Anamuchotsa ntchito chifukwa cha bodza langa. Ukapitawo ndinaupeza."

Nambewe ananditembenukira.

"Ndiye pafoni paja?" anafunsa Nambewe. Mawu ake anali aang'ono. "Paja munkati samva zonena?"

"Ndinanama."

"Ine n'kukupepesani."

"Unandipepesa."

"Ali m'ndende muja, mkazi wake akulongedza, inu mukudziwa?"

"Ndikudziwa."

Lufeyo anaweramuka tsopano, napukuta zenga pathalauza. Sanayang'ane ine, anayang'ana msuweni wake uja mpaka mayiyo anazolika.

"Mabowo ndinatseka ndine, zimenezo sindikana," anatero. "Ndinkayesa ndikuthandiza." Kenako anatembenukira kwa ine. "Loweruka ndibwera. Ndibwerera Esinala. Tambala ndilandira, mawu ndilankhula. Inu mukakhale kumbuyo, ndipo musandipatse moni."

Pachinkhoswe cha mwana wanga, pakhomo panga, pansi pa malata anga. Pakamwa panatseguka pokha. Ndinapatseka.

"Chabwino," ndinatero.

Nambewe anavula nsapato, naziika pamzere, namanga chitenje m'chiuno. Anatenga zenga m'manja mwa msuweni uja n'kulowa m'munda, pambali pa mlongo wake.

"Inu bwererani," anatero atandifulatira. "Mwana akudikira."

Ndinabwerera ndekha. Esinala ndinamupeza atakhala pakhonde, maso ali kumsewu.

"Amalume ako abwera Loweruka."

"Nanga amayi?"

"Atsala kwawo, akumweta mpunga."

Anafuna kudzuka kuti akandikonzere madzi osamba. Ndinamuletsa, ndinakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye.

"Khala pompo. Pali nkhani yoti uimve kwa ine usanakaimve pamsika."

Ndipo ndinayambira pachiyambi.